Phwando Lotsanzika Kieran

Bryony ankapukuta matambula kuseri kwa kauntala pamene alendo anayamba kufika, akukutumula mvula pa majekete. Mwa mabala onse a m'tauni ya Grimsby, Kieran ndi Shauna anasankha kuchitira phwando lawo lotsanzika, popita ku Australia, mu bala imene iye ankagwirako ntchito. Anakoleka zibaluni zachikasu ndi zobiriwira, n'kuika patebulo keke yooneka ngati kangaru, nyama ya ku Australia. Mwini bala anamufunsa Bryony ngati angakonde kupuma Lamlungu limenelo. Iye anakana. Za tsiku limeneli sankafuna kuchita kumva kwa anthu.

Ulendo wa ku Australia anauyamba ndi Bryony yemweyo. Nthawi imeneyo iye ndi Kieran anali pachibwenzi, akukhala m'kachipinda kachinyezi pamwamba pa sitolo ya nsomba. Bryony ndiye anafufuza njira zonse, za ku Canada, za ku New Zealand, za ku Australia. Anapeza kuti chilolezo cha achinyamata okathyola zipatso chimatha, munthu n'kubwerera kudzanyowa ndi mvula yomweyi. Wofuna kukakhazikika ayenera kukhala ndi luso m'manja. Choncho anamukankha Kieran kuti akaphunzire zamagetsi. Ankamudzutsa m'mawa, ankamulongedzera chakudya, ankamufunsa mafunso a mayeso mpaka mawu kusasa. Kieran atakhoza, anathetsa chibwenzi ndi kauthenga ka pafoni. Sabata isanathe anali atasamukira kwa Shauna, namwino, mnzake wa Bryony kuyambira ali ku pulayimale.

Bryony sanatukwane munthu. Anangosunga chakukhosi.

Miyezi ingapo phwandoli lisanachitike, Kieran anatulukira pakauntala yomweyi, akununkha mowa wa kwina.

"Zikutheka, Bry. Ku Perth, ku Australia. Shauna wapeza ntchito kuchipatala, ine ndikupita ngati mwamuna wake." Anatsamira pafupi n'kutsitsa mawu. "Za mlandu uja sindinawauze a boma la kumeneko. Angadziwe bwanji, ali kutsidya kwa dziko?"

Mlanduwo Bryony ankaudziwa kuposa mwini wake. Kieran anathyola munthu nsagwada atatuluka ku mpira, ndipo tsiku la chigamulo Bryony anakhala m'khoti atagwira dzanja la mayi ake a Kieran. M'mawa mwake, Kieran atadzitama pakauntala paja, Bryony anaimba foni ku ofesi yoona za olowa m'dziko la Australia. Anatchula dzina, khoti, chaka.

Kuyambira pamenepo ankangodikira.

Eni phwando anafika mochedwa. Anthu anaomba m'manja, wina anayambitsa nyimbo, koma inafera m'njira. Maso a Shauna anali psuu, ndipo anaima patali ndi Kieran ngati sakudziwana. Bryony anaika tambula pansi kuti aone bwino.

Kieran anagogoda botolo ndi supuni.

"Anthuni, pepani. Kekeyo idyani ndithu, koma ine sindikupita. A boma la Australia andikana. Wina anawauza za mlandu wanga wakale. Akuti ndinanama, ndiye kwa zaka zingapo ndisayerekeze n'komwe kupemphanso."

Amalume ake a Kieran, amene anafika phwando lisanayambe, anayang'ana tambula yawo mwankhawa.

"Ndiye mowa waulerewu ukupitirira, kapena nawonso aukana?"

Palibe anaseka.

"Nyumba tabweza, galimoto tagulitsa, ntchito yanga ya kuno ndasiya," anatero Shauna, osakweza mawu. "Ndinakufunsa, Kieran. Ndinati pali chimene ukubisa? Unati palibe. Ine ntchito ikundidikira mwezi wamawa, ndipo ndikupita. Wabodza sindingamudikire."

Anavula mphete n'kuiika pafupi ndi keke. Potuluka anadutsa pakauntala, maso awo n'kukumana. Bryony anamuyang'ana osaphethira, monga ankafunira kumuyang'ana kuyambira tsiku la kauthenga lija. Shauna ndiye anayamba kugwetsa nkhope.

Alendo anayamba kuzemba mmodzimmodzi, ena atakulunga zidutswa za keke m'mapepala. Kieran anakhala pakona yekha, atagwira mutu. Bryony ankatolera matambula mosafulumira, akudutsa dala pafupi naye. Dzuwa lija, nyanja yofunda ija, nyumba ya khonde imene ankaikamba awiriwo m'kachipinda kachinyezi, zonse zinali zitamulaka munthu amene anazilanda. Akalamba mu Grimsby momwemu, akukonza mawaya m'nyumba zozizira za eni ake. Kwa nthawi yoyamba chisiyireni chibwenzi, mtima wa Bryony unakhala pansi.

Chinatsala chimodzi chokha. Ankafuna kuti Kieran adziwe dzanja limene lamugwetsa.

Anthu atatha, Kieran anadzikoka kubwera pakauntala.

"Thira imodzi, Bry."

Anamuthirira pang'onopang'ono, thovu likukwera mpaka pakamwa pa tambula, n'kumukankhira.

"Imeneyo ndakugulira ine. Ndipo usavutike n'kufufuza. Foni ija ndinaimba ndine."

Anadikira kuti aone nkhope ikusweka. Kieran anacheuka, n'kuona kuti pakhomo palibe munthu. Anamwa theka la tambula, anapukuta thovu pamlomo, kenako anamwetulira mpaka mano onse kuonekera.

"Ndikudziwa. Ukuganiza ndinadzakuuziranji? Ine ku Australia sindinakufunepo, ngakhale nthawi yako ija, ndipo Shauna ndinatopa naye kalekale, kungoti mawu omuuzira ankandisowa. Ndinadziwa kuti iwe sungandigwiritse mwala."