Khoma Losalola Msomali

Senga Docherty anali chogwada pa masitepe, akukolopa, pamene mayi wa ku khonsolo analowa. Inali sabata yake yokolopa, ndipo mu mdadada uno wa ku Glasgow wodumpha sabata yake amanenedwa mpaka kumanda.

"Pukutani mapazi," anatero Senga osadzutsa mutu. "Kapena nakonso kumafuna chilolezo?"

Mayi Lennox anapukuta. Anali wa jekete lotuwa, kachipsera pachibwano, ndi nkhope ya munthu wozolowera kukana zinthu.

Chimene anadzera chinali chodziwika. Hughie, mwamuna wa Senga, anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndipo chiyambire sanatsikepo, pakuti iwo amakhala pamwamba penipeni. Senga anapempha kuti amuikire mpando wamagetsi woyenda m'mbali mwa masitepe. Achipatala anali atanena kale mosapsatira: mpando ukakanika, Hughie apita kosungirako okalamba.

Koma nyumbayi ndi yotetezedwa ndi boma. Miyala yake yofiira, khoma lomatana ndi la nyumba inzake, matailosi obiriwira okwera ndi masitepe mpaka kudenga, chogwirira chamtengo chokhala ndi timitu tamkuwa timene akale anakhomera kuti ana asamatsetserekepo: zonsezi sizikhudzidwa. Alendo amabwera kudzajambula, nkumapukusa mitu kuti koma ndiye kukongola. Palibe amene amafunsa ngati pamwambapo pali munthu. Chowawa kwambiri nchakuti ndi Hughie yemweyo amene anaima kutsogolo kwa zigalimoto zogumula, ali ndi mphamvu zake, mpaka nyumbayi inapulumuka.

Mayi Lennox anayamba kukwera, Senga akumutsatira ndi chidebe. Pokhota, pamene sitepe inakumbika pakati ngati mbale, mayiyo anangoidumpha. Dzanja lake linkayenda pa chogwirira, nkumanyamuka lokha pa kamutu kalikonse kamkuwa, maso ali kwina.

"Komiti yakana," anatero atafika pakati. "Njanji ya mpandowo iyenera kuboola matailosi. Akasweka, ena otere kulibenso."

"Nanga Hughie wina aliko? Mwamusunga kuti, mu kabati ya ku ofesi?"

"Masitepewa ndi opapatiza. Moto utabuka, anzanu a pansipa adzathawira pati? Ndinayesa, khulupirirani."

"Munayesa!" Senga anaseka, kuseka kopanda chimwemwe. "Wasaina ndani?"

Mayiyo anayang'ana khoma.

"Ndikufunsa, dona. Wasaina ndani?"

"Ine."

Senga anaika chidebe pansi mwamphamvu, madzi nkukhavukira pa nsapato zonyezimira zija. Sanapepese. Mawondo ake anathera pa masitepe amenewa. Matailosi amene lero akutetezedwa kwa iye, ndi iye amene wakhala akuwapukuta chikwatiwire, lina ndi lina, pamene a khonsolo ankawatcha zinyalala zoyenera kugwetsa. Mtima unamuwawa.

"Ndiye mukamuuze nokha," anatero. "Ine pakamwa panga sipatuluka zimenezo. Mukamuuze kuti kutsika kwake kotsatira ndi pa machira, ndipo anyamata onyamulawo asamale, angakande khoma lanu."

Anakwera masitepe otsalawo. Pamwamba, kuwala kwa zenera la kudenga kunagwera pa chitseko chotsegula pang'ono. Mkatimo munkamveka fungo la tiyi ndi mafuta opaka odwala. Bedi la Hughie linali m'kaphanga ka m'khoma la kukhitchini, mmene anthu a nyumba zimenezi akhala akugonamo kuyambira kale.

Mayi Lennox anaima pakhomo. Nkhope yokana zinthu ija inali itasungunuka, ndipo phazi linakanika kulowa.

"Senga!" anaitana Hughie, lilime likulemera. "Mapazi amenewo ndawamva. Wadumpha sitepe ija ngati kale. Ndi Catriona wathu, eti? Wabwera ndi nkhani yabwino?"

Senga anayang'ana kachipsera kaja pachibwano pa Mayi Lennox, kamene anakapukuta magazi yekha tsiku limene mwana wawoyu anatsetsereka pa chogwirira nkukumana ndi mkuwa.

"Gona, Hughie," anayankha. "Ndi a khonsolo. Mwana wako sanabwere."