Timabokosi Tapadenga Tangoti Zii

"Alamu, gwirani makwerero, ndikwera ndekha!" anatero mayi wina wochita kafukufuku, thukuta lili kamukamu.

Dzulo lake anasamutsira pulogalamu yolemba zochitika pa netiweki yopanda mawaya ku mtundu watsopano, n'kuitumiza ku timabokosi toyendetsa netiwekiyo kudzera pa netiweki yomweyo. Timabokosi tonse tapadenga tinangoti zii. Mabwana ake ankafuna zotsatira za kafukufukuyo mawa lake, apo ayi ntchito yatha.

"Osayesa kaye pa kabokosi kamodzi bwanji?" anafunsa mlamu wakeyo.

"Tagwirani makwererowo, mafunso pambuyo!"

Mayiyo anatsika nako kabokosi kamodzi, n'kukalumikiza ku kompyuta. Mumtima ankangopemphera kuti mwina kasunga kenakake, ngakhale pang'ono pokha.

Kanali katalemba mzere umodzi basi kasanazime: "Kusamutsa kwatheka. Palibe vuto lililonse."