Chaka Chino Kalavani Sitiphimba

"Lonayo isiyeni, bambo. Chaka chino kalavani sitiphimba," anatero Ermek.

A Toktosun anaponya chingwe pansi, mtima uli mbee. Chisanu chilichonse kuno ku Naryn ankamuuza mwana wawoyu kuti lona imasunga chinyontho, kalavani, kanyumba kamatayala kaja, n'kumaolera m'kati, koma iye ankangoti, "Zachikale izo, phimbani basi." Lero wamva!

"Wakula tsopano, mwanawe," anatero akuseka, uku akusasa chipale chofewa pachipewa.

Ermek anayang'ana kumbali.

Apo Gulzat, mkazi wa Ermek, anatuluka m'nyumba atanyamula matiresi a nkhalambayo, ketulo ndi chithunzi cha malemu akazi awo.

"Adzukulu anu akula, bambo, chipinda chija akuchifuna," anatero akukankhira katunduyo m'kalavani. "Ndiye tikaiphimba, inu muzilowera pati?"