Chimbale cha Sangwani Chafika Kumunda

"Mundiikirenso chimbale chatsopano cha Sangwani, cha nyimbo za roko chija," anatero a Nangozo, mlimi wa mpunga, akupereka foni kwa woika nyimbo pa Golomoti. Kumbuyo kwawo alimi anzawo anali atandanda.

Sangwani, mwini chimbalecho, anali pomwepo. Misozi inalengeza m'maso mwake, poti ku Lilongwe ankangoti nyimbo zake ndi phokoso.

"Mayi, woimbayo ndine. Yakufikani pamtima ndi iti?"

"Yachitatu, imene mumakuwa ngati mwaponda moto. Mulungu akudalitseni, bambo! Chiyikireni sipika kumunda, mbalame sizinaterenso pampunga wanga."

Sangwani anafunsanso kuti, "Ndiye palibe amene amamvera?"

"Alipo. Anyani sajomba, amabwera kudzavina."