Nkhope ya Twaibu

Amene anamulakwira Asiyatu ndi mlamu wake Jafali, ndipo anachita zimenezi masanasana, anthu a pamaliro a mwamuna wake asanabalalike. Fanuel, wojambula maukwati wa pa boma pa Mchinji, anabwera kudzapepesa atanyamula kamemole khadi mu envulopu. Anati n'ka mayi wamasiye. Jafali anakalandira pakhomo n'kukaponya m'thumba la mkanjo wake. Kanathera pomwepo.

M'kamemoleko munali filimu. Chaka chatha Fanuel anasonkhanitsa anyamata a pa boma, Akhristu ndi Asilamu omwe, kuti asewere nkhani ya Yosefe, amene kumzikiti timati Mneneri Yusufu. Atafuna munthu wa nkhope yoti mkazi wa bwana n'kupenga nayo, onse analoza Twaibu, mwamuna wa Asiyatu, dalaivala wa thiraki. Filimu isanatuluke, thirakiyo inagubuduzika kuseri kwa boda n'kuyaka. Foni, laisensi, chitupa, chilichonse chokhala ndi chithunzi cha Twaibu chinapsera momwemo. Ngakhale mtembo sanamuonetse mkazi wake.

Tsono nkhope ya mwamunayo inatsala malo amodzi okha padziko lapansi, m'thumba la Jafali.

Asiyatu akanatha kuthamangira kwa Fanuel kukapempha ina, koma anali pa eda. Mkazi wachisilamu akafedwa mwamuna amabindikira pakhomo miyezi inayi ndi masiku ake. Osati kumsika, osati kuukwati, osati kukacheza. Dziko lake linali chipinda, khonde ndi mpanda waudzu. Mathiraki a ku Zambia ankadutsa pamseu zenera n'kumanjenjemera, iye ali duu pamkeka. Asiyatu akamuimbira foni, Fanuel ankangoti, “Mayi, lankhulani ndi a Jafali,” n'kudula. Ndiye kuti anagwirizana.

Chimene chinkamuwotcha mtima ndi mwana. Sakina, wa zaka zitatu, anali atayamba kuiwala. Tsiku lina anathamangira wogulitsa makala amene anaima pageti ndi njinga yake, n'kumukumbatira mwendo akufuula kuti adadi. Bambo wa makalayo anachita manyazi. Asiyatu analowa m'bafa kukalira kuti mwana asamuone.

Lachisanu lililonse pochokera kumzikiti, Jafali ankabwera ndi shuga ndi sopo. Ankakhala pakhonde, Asiyatu kuseri kwa katani ya pakhomo, poti mlamu si munthu wokhala naye maso ndi maso pa eda.

“Alamu, memole ija.”

“Nkhope ya mneneri sionetsedwa, alamu. Zisiyeni.”

“Ndinakwatiwa ndi mneneri ine? Ndinakwatiwa ndi dalaivala wonunkha dizilo, woliza mkonono ngati chigayo! Ndikufuna mwana aone bambo ake.”

“Mudzandithokoza tsiku lina.”

“Ndikuthokozeni chiyani, sopo?”

Jafali ankangoyang'ana pansi n'kutsazika.

Lamulolo Asiyatu ankalidziwa, sanali mwana. Ashehe amanena kuti aneneri a Mulungu sajambulidwa ndipo munthu wamba asavale nkhope yawo, kuopa kuti anthu poswali angamaone m'maganizo mwawo nkhope ya wosewera uja. Iye sankakana. Koma ankati lamulolo Jafali analikumbukira liti? Suja iyenso anasewera nawo, ngati mmodzi wa abale oponya Yusufu m'chitsime? Nsanje basi. Kuyambira ali ana, anthu ankayamikira nkhope ya Twaibu, ya Jafali n'kumangoipatsa moni.

Lachisanu lotsatira Asiyatu sanakhale kuseri kwa katani. Anatuluka, Sakina ali kumsana, n'kudutsa mlamu wake pakhonde mpaka pageti. Anatsegula. Phazi limodzi analiponda kunja.

“Alamu! Eda!”

“Eda yomweyo. Mukapanda kundipatsa, ndiyenda chonchi mpaka pa boma, mpango ndivula, ndizikuwa dzina lanu msika wonse umve. Tchimo lake tigawana.”

Azimayi oyandikana nawo anayamba kusuzumira pampanda. Jafali anaimirira. Anapisa dzanja m'thumba, n'kuika envulopu ija pansi pakhonde ngati ikumuwotcha.

“Mulungu ndi mboni, ine ndinayesetsa,” anatero.

Asiyatu anabweza phazi lake. Analowa m'nyumba, nakhazika mwana pamiyendo, n'kulowetsa kamemoleko mu foni yake ya mabatani.

“Ona, Sakina. Uwaona adadi tsopano.”

Filimu inayamba. Tchire la ku Kachebere, mbuzi, anyamata atavala mabulangete. Uyo Jafali, ndevu zomata ndi ulimbo, nkhope yonse poyera. Mwana anaseka n'kuloza: “Ankolo!” Kenako kuchokera kuseri kwa mtengo kunatulukira munthu wa mkanjo wamawangamawanga. Mayendedwe akewo, kutaya phazi lamanzere kuja, Asiyatu akanawazindikira pakati pa anthu chikwi. Munthuyo anayandikira, natembenuka.

Pamene panayenera kukhala nkhope panali chiwalitsiro choyera, mbee, ngati tochi. Asiyatu anathamangitsa filimu kutsogolo. M'chitsime, kuwala. M'ndende, kuwala. Pampando waufumu, kuwala.

“Adadi ali kuti?” anafunsa Sakina.

Mawu a Jafali anachokera pakhonde, otsika. “Twaibu anapita yekha kwa ashehe kukafunsa, alamu. Atabwerako anakaimirira Fanuel pamsana mpaka anaphimba nkhope yake paliponse, zithunzi zoyamba zija n'kuzifufuta iye akuona. Anati asakafe ndi tchimo limenelo.”

Tsono inu mukuwerenga, ndiyankheni, musandiyang'ane chabe: mkazi ameneyu akatukwane ndani?