Khoma la Dzulo

Kondwelani anaponya nyundo pansi n'kupukuta thukuta ndi malaya. Linali Lachinayi, ndipo aka kanali kachitatu kusamutsa bokosi lomwelo m'nyumba imodzi.

Nyumbayo inali ya Lorenso, mwana wa kwa Mlolo amene amagwira ntchito ku Joni. Iye ankafuna nyumba yomvera foni: magetsi a sola oyaka ndi kuzima okha, makamera pakhonde, masipika m'chipinda chilichonse, ndi kanema wa pabalaza woonekera mpaka kuchipinda chogona. Anaitanitsa Kondwelani kuchokera ku Lilongwe kuti ayaliretu mawaya omanga asanathire simenti pansi ndi kupaka pulasitala.

Poona kutentha kwa kuchigwa, Kondwelani sanafune kudutsitsa mawaya pansi pa malata. Anawalowetsa m'mapaipi n'kuwayala pansi, onse makumi atatu ndi anayi, kuti akakumane m'bokosi limodzi pabalaza. M'bokosimo ndi momwe mukanakhala makina onse oyendetsa nyumba. Inali ntchito yaikulu yoyamba kuigwira payekha, ndipo anzake a Lorenso atatu ku Joni ankadikira kuona mmene ithere kuti nawonso amuitane.

"Ine ndili kutali," anatero Lorenso pafoni tsiku loyamba. "Bambo anga azibwera kudzaona. Zimene anene, chitani."

Apa ndi pamene panayambira mavuto.

Lolemba Kondwelani anagoba khoma la kum'mawa n'kuika bokosi molingana ndi mawondo, monga amachitira m'nyumba za m'tauni. Lachiwiri anaona kuti malowo ndi oyenera kanema, choncho anasamutsira bokosi kukhoma la kumadzulo. Masana omwewo anatulukira bambo ake a Lorenso, bambo Saulos, mkulu wosalankhulalankhula, manja onse awiri ali kumbuyo. Anayang'ana bokosi, anapukusa mutu.

"Pa dzulo, mwananga," anatero m'kalankhulidwe kawo kokoka mawu, uku akutukula chibwano.

Kondwelani anatsatira kumene chibwanocho chinaloza. Maso ake anagwera pakhoma la kum'mawa, pomwe panali dzenje la dzulo.

"Ndamva, bambo," anayankha.

Lachitatu anazula mapaipi, anawakhotetsanso, nabwezera bokosi kum'mawa. Mkuluyo atafika anaima pafupi nalo, anatukula chibwano monga poyamba.

"Ndati pa dzulo."

Dzulo lake tsopano linali khoma la kumadzulo. Kondwelani anayesa kufotokoza za pulani, za kutalika kwa waya, za mpweya umene makina amafuna, koma bambo Saulos anangomuyang'ana ngati akumvera wailesi ya chiyankhulo china. Lorenso samapezeka pafoni.

Tsono Lachinayi bokosi linali kumadzulo, zala za Kondwelani zili ndi matuza, ndipo Shadreck, mmisiri womanga amene anabwera naye kuchokera ku Lilongwe, anali ataima pakhomo ndi fosholo.

"Achimwene, simenti sidikira munthu," anatero Shadreck. "Mawa tithira. Bokosi lanu likapitiriza kuyendayenda chonchi, tiligulira njinga."

Kondwelani sanaseke. Anali ataona kale bambo Saulos akubwera m'kanjira ka m'munda wa chimanga. Mkuluyo analowa, anapereka moni, anayang'ana bokosi kwa nthawi yaitali. Kenaka anapuma mozama ngati munthu wotopa ndi mwana wosamva.

"Pa dzulo," anatero pang'onopang'ono, kugawa mawuwo pawiri.

Kondwelani anazindikira tsopano. Mkuluyu sankafuna khoma lililonse. Sankafuna nyumbayi n'komwe. Munthu amene wakalamba akuyatsa koloboyi angakondwere bwanji ndi magetsi omvera foni? Chilichonse cha lero chinali choipa kwa iye, chabwino chinali cha dzulo basi. Akanapitiriza kumumvera, chaka chikanatha akusamutsa bokosi.

"Ndamva, bambo," anatero mwaulemu wonse, akuwomba m'manja pang'ono.

Bambo Saulos anagwedeza mutu mokhutira n'kumapita.

Atangozimirira m'chimangamo, Kondwelani anatenga pulayala. Anayeza waya aliyense kuchokera pansi kufika m'bokosi, nadula. Onse makumi atatu ndi anayi, ofanana ngati mano a chipeso. Aliyense anamumata kapepala: khonde, khitchini, chipinda cha alendo, bafa. Anatseka bokosi, analijambula, natumiza chithunzicho ku Joni ngakhale netiweki inali yovuta.

"Thirani," anauza Shadreck.

Lachisanu anathira simenti pansi ponse ndi kupaka pulasitala pabalaza. Mapaipi onse anakwiririka. Loweruka m'mawa simenti inali itagwira, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo Kondwelani anaimba kamluzu akulongedza zida.

Ali mkati molongedza, anafika Dorika, mlongo wake wa Lorenso, amene amaphunzitsa ku Ngabu. Anayamikira kusalala kwa makoma, anafunsa pomwe padzakhale masipika, anaseka atamva kuti ngakhale kubafa kudzamveka nyimbo. Atafika pa bokosi anaima, nkhope inasintha.

"Bambo sanakuuzeni za bokosili?"

"Anandiuza, mayi, katatu konse," anayankha Kondwelani, mkwiyo wa sabata yonse ukubwerera. "Ndikaika uku, akuti pa dzulo. Ndikabwezera uko, akuti pa dzulo. Pepani, koma akuluakulu ena zamakono sazifuna. Ndinangoona kuti ndimalize ntchito."

Dorika anamuyang'ana, kenaka anayang'ana mawaya odulidwa bwino aja, ongofika m'mawondo.

"Sanati pa dzulo, achimwene. Anati padzulu. M'Chisena ndiye kuti pamwamba." Anaika dzanja pachifuwa pake. "Mtsinje ukasefukira, madzi pano amafika apa."