Kalata ya Wokonza Njinga

"Inu ndi amene mwatiphwasulira banja, aphunzitsi. Inuyo, ndi kapepala kanuka."

Mayi Brinkhuis anaponya pepalalo patebulo la ahedi asanavule n'komwe jasi lawo lonyowa ndi mvula. Sjoerd Hoekstra analizindikira lisanatere. Linali limodzi mwa zikalata zisanu za nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zimene anagawira ana a m'kalasi mwake Lolemba. Inali kalata yotaipa, yopanda dzina, yotsina khutu Ajeremani kuti m'chipinda cha kudenga kwa mayi wina wamasiye mukubisala Ayuda, amene iwo ankawasaka kuti awaphe. M'munsi munangolembedwa kuti, "Ndine wokonza njinga wa mumsewu wa Kutchalitchi."

Kalatayo anaipeka yekha Sjoerd.

Ndi mmene ankaphunzitsira. Ankadana nayo mbiri yoloweza zaka ndi mayina a mafumu, ija ana amameza ngati mapiritsi n'kukaisanza pamayeso. Iye ankasakaniza zikalata zenizeni zinayi ndi chimodzi chabodza, n'kuwapatsa ana sabata yathunthu yoti agwire chonamacho. Lachisanu ndiye ankaulula. M'kalatayi anasiyamo dala poigwirira: deti lake linali la sabata imene Ajeremani anali atathawa kale m'tauniyo. Mwana wamaso akanaona.

Koma ana sanayang'ane deti. Anayang'ana njinga.

Sjoerd anali mlendo wochokera kumpoto, asanathe n'chaka chomwe m'tauniyi. Dzina la msewu anangolitola pamapu kuti nkhani imveke ya pakhomo. Sankadziwa chimene ngakhale agalu a kuno ankadziwa, kuti mumsewu umenewo, chiyambire, wokonza njinga anali mmodzi yekha: a Teunis, bambo awo a mayiwa, agogo ake a Marloes wa pabenchi lachitatu. Pofika Lachitatu anzake anali atayamba kumutcha mtsikanayo mdzukulu wa Yudasi. Poweruka anapeza njinga yake itaphwetsedwa matayala onse awiri.

Ahedi, a Dijkema, anali atamuchenjeza kale kawiri kuti masewera a zikalata zopeka awasiye. Anati nkhondo inathadi zaka makumi anayi zapitazo, koma eni nkhondoyo akugulabe buledi m'sitolo imodzi. Anatinso akadzangomva kachitatu, chaka chake choyesedwa chikatha adzalongedze. Sjoerd anavomera ndi pakamwa n'kupitiriza. Tsopano a Dijkema omwewo ankatembenuzatembenuza pepala lija, osakayika n'komwe kuti lachokera kosungira zikalata zakale. Ankawauza mayiwo mwaulemu wa muofesi kuti mbiri imaluma, koma sukulu singakwirire zoona.

Apa mpamene Sjoerd anaona khomo lothawira lili pululu. Akangotseka pakamwa, n'kusintha phunziro la mawa, ntchito yake yapulumuka. Matope onse atsalira a Teunis, nkhalamba yosaona bwino, imene inamatira machubu theka la tauniyi, imene mpaka lero imakhala pakhomo n'kumapatsa moni aliyense wodutsa. Ndani angamufunse mphunzitsi? Amene ali ndi choko m'manja ndiye amakhulupiriridwa. Nkhalamba ili ndi chiyani?

Mayi Brinkhuis anakana kapu ya khofi. Anakana mpando. Mafunso awo anali omwewo, obwerezabwereza ngati nyundo: anaitenga kuti kalatayo, anam'patsa ndani, ndani winanso waiona. Anati dzulo masana Marloes anafika akulira, nalunjika kwa agogo ake kukawawerengera kalatayo mokweza, kuti adzimvere okha zimene sukulu ikufalitsa.

"Kamnyamata kadzulodzulo," anatero mayiwo, chala chili pamphuno pa Sjoerd. "Nkhondo munangoinunkhiza m'mabuku, lero mukufukula manda a eni ake."

Sjoerd anaganiza za kachipinda kake kapamwamba pa sitolo ya nsapato. Anaganiza za amayi ake kumudzi, amene ankauza aliyense kutchalitchi kuti mwana wawo ndi mphunzitsi wa kusekondale. Kwa mwezi wathunthu anali akulalikira ana kuti pepala lililonse lizifunsidwa kuti walilemba ndani, ndipo amafuna chiyani. Tsono wolembayo anali ataima pomwepo, manja m'thumba, akufuna ntchito.

Anatulutsa manjawo.

"Mayi, palibe manda amene ndafukula. Kalatayi ndinailemba ndine, Lamlungu lapitali, pamakina anga otaipira. Ndi yabodza kuyambira mawu oyamba mpaka otsiriza. Bambo anu sindinkawadziwa n'komwe. Alibe mlandu."

Anawonjezera kuti mawa m'mawa akanena zimenezi pamaso pa kalasi yonse, Marloes ali pomwepo, ndipo akatero apita yekha mumsewu wa Kutchalitchi kukapepesa kwa a Teunis.

A Dijkema anavula magalasi n'kuwapinda pang'onopang'ono. Anangoti akambirana awiri mayiwo akatuluka, ndipo onse awiri ankadziwa kuti zokambirana zake palibe. Ntchito inali itapita. Komabe Sjoerd anamva kupepuka m'chifuwa, koyamba chilowereni m'chipindamo. Dzina la munthu linali litayera. Anayembekeza kuthiridwa khofi kumaso, kapena mbama, kapena misozi ya mpumulo. Chilichonse akanachilandira.

Mayi Brinkhuis anakoka mpando n'kukhala. Anayang'ana pepala lija nthawi yaitali.

"Yabodza," anatero chapansipansi. "Ndiye mundithandize, aphunzitsi, poti ndinu odziwa zakale. Mwana atatha kuwerenga, bambo anga sanakane. Anangofunsa kuti, 'Kodi kalata yanga yachiwiri ija aipezanso?' Marloes anali pomwepo, anamva. Ndikamuuze chiyani? Musayang'ane ahedi. Ndiyankheni ineyo."